Kulamula mkono wa loboti usanauone ndi maso

Kwa amene simunafike ku msonkhano wa Loweruka, nawa mawu a mnzathu amene anatiyankhula za maloboti a m'mafakitale. Tawalemba monga m'mene anayankhulira.

Inu muli kumbuyoko, ngati simukundimva bwino kwezani dzanja, musachite manyazi.

Funso limene munaponya pa gulu lathu la WhatsApp ndi ili: kodi munthu angaphunzire kulemba pulogalamu ya loboti ya m'fakitale pamene loboti yakeyo alibe? Inde angaphunzire, ndipo akatswiri ambiri a m'mafakitale akuluakulu amagwira ntchito yawo m'njira yomweyo, atakhala pa kompyuta, loboti ili kwina. Njirayi imatchedwa offline programming. Koma inde wangayu ali ndi mchira wake, ndipo mchirawo ndi umene ndabwerera kuno.

Choyamba timvane za loboti imene tikukamba. Kuno kwathu ukati loboti, anthu amaganiza za magetsi ofiira ndi obiriwira apamsewu aja. Ena amaganiza za chimunthu chachitsulo cha m'mafilimu. Yathuyi ndi mkono basi, mkono wachitsulo womangidwa pansi ndi mabawuti. Yambiri imakhala ndi mfundo 6, mfundo iliyonse ndi mota yake. Taimirirani pang'ono muyese. Tembenuzani chiuno: imeneyo ndi mfundo yoyamba. Phewa ndi yachiwiri, chigongono yachitatu. Zitatu zotsalazo zili apa pamene timamanga wotchi: kupotokola, kupinda, ndi kupotokolanso kunsonga. Khalani pansi. Mkono woyamba wa mtundu umenewu, Unimate, umene anaupanga George Devol, unayamba ntchito mu 1961 pa fakitale ya General Motors ku New Jersey, ndipo ntchito yake inali kunyamula zitsulo zotentha zimene zinkawotcha anthu. Lero mikono yotere imawotcherera magalimoto, imapenta, imapakira makatoni.

Njira yakale yophunzitsira mkonowu ndi yoima nawo pafupi. Umagwira kabokosi kokhala ndi sikirini ndi mabatani, teach pendant, n'kumayendetsa mkono pang'onopang'ono mpaka ufike pamene ukufuna, n'kusunga malowo. Kenako malo ena, kenako ena. Ngati malowo ali 300, ndiye kuti tsiku latha, mwina masiku awiri, ndipo nthawi yonseyo loboti sikupanga kanthu kogulitsa. Mwini fakitale amaona ngati minibasi yake yaima pa siteji dalaivala akuphunzira magiya. N'chifukwa chake anthu anayamba kujambula loboti, tebulo, chitsulo chowotcherera ndi mpanda womwe mu kompyuta, kulemba pulogalamu m'menemo, kuiyesa, kenako n'kukaithira mu loboti yeniyeni. Kwa eni mafakitale, iyi ndi njira yopulumutsira ndalama. Kwa ife kuno, kumene maloboti otere ndi owerengeka ndipo palibe amene angakubwereke kuti uphunzirirepo, ndi khomo lokhalo limene lili lotsegula.

Nanga muyambe ndi pulogalamu iti? Apa ambiri amatayapo mwezi wathunthu akungofunsa. Kampani iliyonse ili ndi yake, ndiponso chiyankhulo chake. ABB ili ndi RobotStudio, chiyankhulo chake RAPID. KUKA ya ku Germany, maloboti a olenji aja, ili ndi KUKA.Sim ndi chiyankhulo cha KRL. FANUC ya ku Japan, achikasu aja, ili ndi ROBOGUIDE. Universal Robots ya ku Denmark imapereka URSim mwaulere, kungoti inapangidwira Linux, ndiye pa Windows pamafunika kuiyendetsa mkati mwa pulogalamu ina ngati VirtualBox. Palinso RoboDK, imene si ya kampani yopanga maloboti, koma ili ndi maloboti a makampani ambiri ndipo imamvana ndi Python.

Maganizo anga ndi awa. Ngati laputopu yanu ili ndi Windows ndipo ndi yamphamvuko, tengani RobotStudio. Chifukwa chake n'chakuti mkati mwake mumayenda pulogalamu yofanana ndi imene imayendetsa loboti yeniyeni ya ABB, ndipo muli ndi teach pendant ya pa sikirini. Ikakana pulogalamu yanu, dziwani kuti yeniyeninso ikadakana. Ngati laputopu ndi yotopa, ya fani yolira ngati chigayo ija, RoboDK ndi yopepukirako. Zonse ziwiri zimakulolani kuyesa zida zake zonse kwa masiku 30. Tsono musathamangire kuyambitsa masiku amenewo sabata ya mayeso kapena ya maliro. Masiku sadikira munthu. Ndipo RobotStudio ndi fayilo yaikulu, musaikoke ndi bandulo yanu ya sabata. Mmodzi akaikoke pamene pali wifi, enafe tigawane pa fulashi.

Za ziyankhulo musade nazo nkhawa. Zili ngati Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao: mawu ndi osiyana, koma amene wadziwa chimodzi bwinobwino savutika kwambiri kumva kamangidwe ka chinzake. Sankhani chimodzi, mukhale nacho miyezi ingapo. Wolawalawa miphika yonse amagona ndi njala.

Tsopano tifike pa mtima wa nkhani, ndipo apa ndichedwapo.

Loboti siona. Pokhapokha mutaiikira kamera, imene ndi nkhani ina ya tsiku lina, mkono uja sudziwa kuti kutsogolo kwake kuli tebulo, botolo kapena mutu wa munthu. Umangodziwa manambala. Malo aliwonse amene mukufuna kuti upite mumaupatsa ndi manambala atatu, X, Y ndi Z, m'mamilimita, kuphatikizapo manambala ena onena m'mene chida chapendekera. Koma nambala payokha ilibe tanthauzo ngati simunanene pamene mukuyambira kuwerenga. Mlendo akakufunsani njira m'mudzi, mumati, "Mukafika pa mjigo, mupite kumanja, nyumba yachitatu." Mawuwo ndi oona kwa munthu amene waima pa mjigo umene mukunenawo, atayang'ana kumene inu mukuganiza. Akaima pa mjigo wina, kapena akachokera mbali ina, akagogoda pa nyumba ya eni ake. Loboti ndi mlendo wotero, kungoti iyo sifunsa kawiri, ndipo imagogoda ndi chitsulo.

Pali poyambira patatu pamene muyenera kupadziwa ngati dzina lanu. Poyamba ndi patsinde pa loboti, pamene yamangidwa. Pachiwiri ndi pa nsonga ya chida chimene yagwira, chimene amachitcha TCP. Mukaimangirira cholembera, TCP ndi kansonga kotulutsa inki kaja. Mukaimangirira chowotcherera, ndi kunsonga kwa waya. Mukauza loboti kuti pita pakuti, chimene imapititsa pamenepo ndi TCP. Ndiye ngati mwaiuza kuti cholembera n'chotalika mamilimita 140 pamene n'cha 150, idzakanikiza cholemberacho mamilimita 10 kulowa m'tebulo, ndipo kwa iyo palibe cholakwika. Pachitatu ndi pa chinthu chimene mukugwirirapo ntchito. A ABB amati work object, a FANUC amati user frame. Mumasankha ngodya imodzi ya tebulo kapena ya pepala n'kunena kuti apa ndiye pa ziro, m'mbali umu ndi X, umu ndi Y, kumwamba ndi Z.

Woyamba kumene amakonda kudumpha chachitatuchi, chifukwa ngakhale osachichita loboti ya pa sikirini imayendabe bwinobwino. Amasunga malo ake onse powerenga kuchokera patsinde pa loboti. Tsiku limene tebulo lasunthidwa pang'ono, malo onse 200 aja aphonya, ndipo ayenera kuwakonza amodziamodzi. Mnzake amene anawerengera kuchokera pa ngodya ya tebulo amangouza loboti pamene ngodyayo yafika tsopano, malo onse n'kusamukira limodzi. Ntchito ya mphindi zisanu. Ndikati kusiyana kwa munthu wosewera ndi munthu amene angalembedwe ntchito, ndikunena zinthu ngati zimenezi.

Za kapendekedwe ka chida, mukatsegula RobotStudio mudzaona manambala anayi achilendo, ma quaternion. Asakuthawitseni. Pulogalamuyo imakulolani kulemba madigiri, iyo n'kumasinthira yokha.

Mayendedwe enieni ndi ochepa, mudabwa. Mu RAPID muli atatu amene mudzagwiritse ntchito tsiku ndi tsiku. MoveJ amauza loboti kuti fika pakuti m'njira imene ikuphwekera mfundo zako. Nsonga imayenda mokhota, koma mofulumira, ndipo ndi woyenera pamene mkono uli m'malere, kutali ndi zinthu. MoveL amati yenda mzere wowongoka. MoveC amati yenda mozungulira, kudzera pakuti. Mzere umodzi wa pulogalamu umaoneka chonchi:

MoveL pNgodya1, v100, fine, tCholembera\WObj:=wPepala;

Tiuwerenge limodzi. Yenda mowongoka kupita pa malo otchedwa pNgodya1, pa liwiro la mamilimita 100 pa sekondi, ukaime ndendende pamalopo, chida chako ndi cholembera, ndipo uwerengere kuchokera pa pepala. Mwaona, mayinawo ndawalemba m'Chichewa. Loboti ilibe nazo ntchito, bola inu ndi amene adzawerenge pambuyo panu mumve. M'malo mwa fine mukhoza kulemba z10, kutanthauza kuti ikatsala mamilimita 10 kuti ifike, iyambe kukhotera ku malo otsatira osaima. Zimafulumizitsa ntchito, koma zimadula ngodya ngati wa kabaza wothamangira kasitomala wina. Potola chinthu kapena poyamba kuwotcherera, lembani fine.

Ntchito yoyamba imene ndikukupatsani ndi ya pepala la A4. Kukula kwake ndi mamilimita 210 m'lifupi, 297 m'litali. Sankhani loboti yaing'ono, monga IRB 120 ya ABB, imene imanyamula makilogalamu atatu ndipo imafika mamilimita 580. Ikani pepala pa tebulo kutsogolo kwake, pangani work object pa ngodya ya pepalalo, pangani TCP ya cholembera, ndipo loboti ijambule bokosi la ngodya zinayi, mamilimita 20 kuchokera m'mphepete. Isagwere pa pepala kuchokera kumbali: iyambe yaima mamilimita 50 pamwamba, itsike mowongoka, ijambule, ikwerenso. Zikatheka, sunthani pepalalo, mulipotokolenso madigiri 30, ndipo musakhudze malo ngakhale amodzi. Musinthe work object yokha. Bokosi likatsatira pepala, mwamvetsa. Likatsalira pamene linali, bwererani.

Yachiwiri ndi thireyi ya mazira, ya 30 ija, mizere isanu ya mazira asanu ndi limodzi. Waulesi wanzeru sasunga malo 30. Amasunga malo a dzira loyamba, n'kuyeza ndi rula mtunda wa pakati pa dzenje ndi dzenje, n'kugwiritsa ntchito FOR ndi Offs kuti loboti iziwerengera yokha malo otsatira. Pamenepa mudzaphunziranso kuuza chogwirira kuti tseka, tsegula, ndi kudikira chizindikiro chochokera ku sensa kuti dzira lafikadi. Amene munaphunzirako Python kapena Scratch mudzamva ngati muli kwanu. Ndipo mukaimvetsa thireyi ya mazira, mwamvetsa m'mene maloboti amasanjira makatoni ndi matumba m'mafakitale, chifukwa masamu ake ndi omwewo.

Panjira mudzakumana ndi mauthenga ofiira. Ena ndi osavuta: malo ali kutali, mkono sungafike, kapena mfundo ina yafika pothera. Ena amasokoneza mutu. Malo amodzi omwewo loboti ikhoza kuwafika chigongono chili m'mwamba kapena chili pansi, monga inu mungakande kumsana podzera paphewa kapena podzera m'chiuno. Mukapanda kuiuza kuti ifike motani, ikhoza kudzigudubuza pakati pa ulendo. Ndiye pali china chotchedwa singularity. Chofala kwambiri chimachitika mfundo yachisanu ikawongoka kufika madigiri 0, moti yachinayi ndi yachisanu ndi chimodzi zimakhala pa mzere umodzi. Zonse ziwiri zikuchita ntchito yofanana, masamu amasokonekera, ndipo kuti nsonga ipitirize mzere wowongoka pamafunika kuti mfundozo zizungulire mwaliwiro loopsa. Loboti imaima n'kudandaula. Mankhwala ake nthawi zambiri ndi kupendeketsa chida pang'ono, kusuntha pepala, kapena kudutsa pamenepo ndi MoveJ. Ubwino wa kompyuta ndi umenewu: mungalakwitse kakhumi, palibe chothyoka, palibe bwana wokalipa.

Koma chenjerani ndi ubwino womwewo. Loboti ya pa sikirini imadutsa m'tebulo ngati mzukwa, osamva kanthu, pokhapokha inu mutayatsa chida choona kugundana n'kuchiuza zinthu zoti chiziyang'anira. Mawaya ndi mapaipi a mpweya amene amalendewera pa mkono weniweni kawirikawiri sajambulidwa n'komwe, koma ku fakitale ndi amene amakola.

Uja mchira ndinanena uja ndi uwu. Mu kompyuta tebulo ndi lowongoka, pansi ndi posalala, cholembera sichinapindike. Ku fakitale kulibe zimenezo. Simenti inapendekeka, wowotcherera tebulo anaphonya mamilimita atatu, chida chinagundidwa mwezi watha n'kukhota pang'ono. Ndiponso loboti yokha ili ndi khalidwe lake. Kubwerera pa malo amene munaiphunzitsa ndi dzanja imachita bwino zedi; a ABB amati IRB 120 imabwerera pamalo osaphonya kuposa 0.01 ya milimita. Koma kupita pa malo amene mwangoipatsa manambala ochokera mu kompyuta ndi nkhani ina, pamenepo imatha kuphonya kwambiri kuposa apo, chifukwa mkono uliwonse umasiyana pang'ono ndi chithunzi chake. Choncho pulogalamu yochokera pa laputopu sikhala yomaliza. Ukafika pa loboti yeniyeni umayamba wayeza TCP: umagunditsa nsonga ya chida pa kamsomali kosongoka kuchokera mbali zinayi zosiyana, loboti n'kudziwerengera pamene nsongayo ili. Kenako umagunda malo atatu pa tebulo kuti idziwe work object yeniyeni. Ukatero m'pamene umayendetsa pulogalamu mzere umodziumodzi, n'kukonza malo amene aphonya.

N'chifukwa chake inu amene munaphunzira ukalipentala, kuwotcherera kapena umakaniko musadzione ngati nkhaniyi ndi ya anzanu a makompyuta okha. Munthu amene anazolowera tepi yoyezera ndi sikweya, amene amadziwa kuti chitsulo chikatentha chimakoka, ali ndi theka la luso limeneli kale. Wa kompyuta amakhulupirira sikirini. Kalipentala amayeza kawiri.

Tsiku limene mudzaime pafupi ndi loboti yeniyeni, kumbukirani kuti imene ija pa sikirini sinkapha. Pa 25 January 1979, Robert Williams, wantchito wa zaka 25 pa fakitale ya Ford ku Flat Rock, m'chigawo cha Michigan, anakwera pamashelefu kukatenga zitsulo, mkono wa makina onyamula katundu n'kumumenya m'mutu. Amatchulidwa ngati munthu woyamba kuphedwa ndi loboti. Malamulo amene alipo lero anabwera chifukwa cha ngozi zotere. Munthu akakhala mkati mwa mpanda, loboti iyenera kukhala pa manual, ndipo liwiro lake lisapose mamilimita 250 pa sekondi. Pa teach pendant pali batani limene umaligwira pakatikati kuti mkono uyende. Ukalitaya umaima, ukalifinya mwamantha umaimanso. Musadzalimange ndi tepi, ngakhale wamkulu atakuuzani kuti aliyense amatero. Dziwani pamene pali batani lofiira loimitsira musanayambe chilichonse, ndipo musaime pakati pa mkono ndi khoma. Zizolowereni kuyambira pa laputopu pomwepa: pulogalamu yatsopano iliyonse muziiyendetsa kaye pang'onopang'ono.

Mlongo wathu wina anafunsa pa gulu kuti, "Nanga ntchito ili kuti?" Funso labwino, ndipo sindikunamizani. Kuno kwathu ntchito za maloboti okhaokha n'zosowa. Kufupi ndi ife, kumene kuli maloboti ambiri ndi ku South Africa, m'mafakitale a magalimoto: BMW ku Rosslyn, Toyota ku Durban, Volkswagen ku Kariega, Mercedes-Benz ku East London. Ambirife tili ndi abale ku Joni, koma palibe amene angakulembeni kumeneko chifukwa choti munajambula bokosi pa A4. Amafuna mapepala a zamagetsi kapena zamakina, ndipo loboti imabwera ngati chowonjezera. Ndiye amene mukulingalira za uinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST, kapena za maphunziro a zamagetsi m'makoleji a ntchito zamanja, izi zikuthandizani kufika kumeneko maso ali otseguka. Muphatikizeko PLC, tizipangizo timene timalamula malamba ndi makina m'mafakitale, chifukwa timeneto tilipo ngakhale m'mafakitale a kuno. Ndipo ntchito iliyonse imene mwamaliza, jambulani vidiyo ya sikirini, musunge pamodzi ndi pulogalamu yake. Munthu wokufunsani mafunso a ntchito akaona thireyi ya mazira ikudzaza yokha, n'kukufunsani chifukwa chimene munaikira work object pamene munaiikapo, inu n'kuyankha, zimalemera kuposa satifiketi yogula kwa munthu wa pa WhatsApp amene akulonjeza ukatswiri m'masiku atatu.

Loweruka likubwerali tiyamba ndi pepala la A4. Tikhala atatuatatu pa laputopu imodzi: wina pa kiyibodi, wina ndi rula ndi kope, wachitatu aziwerenga pulogalamu mokweza m'Chichewa monga tachitira muja, ndipo tizisinthana pa mphindi 20 zilizonse, kuti asakhale mnyamata mmodzi yekha wogwira mbewa ya kompyuta atsikana akungoonerera. Bwerani ndi malaputopu otchaja kale, magetsi mukuwadziwa. Amene muli ndi mbewa yapadera mubwere nayo, chifukwa kutembenuza chithunzi cha 3D ndi chala pa laputopu n'kozunza. Pakufunikanso tepi yoyezera imodzi, ndi thireyi ya mazira yopanda mazira. A msungichuma akuti ya mazira omwe kalabu ilibe ndalama yake.

Tsopano mafunso.